Safunsa Anadya Phula: Mlendo wa ku Lundazi pa Ntchito ya Ajeremani

Pa miyambi yonse imene Achewa amalangiza nayo munthu wolowa malo achilendo, wakuti "Safunsa anadya phula" ndi umodzi mwa yaifupi kwambiri, ndipo tanthauzo lake silivuta kwa aliyense amene anaonapo uchi ukufulidwa. M'nkhalango za boma la Lundazi ndi za maboma a Lumezi ndi Chasefu, amene anapatulidwa ku Lundazi m'chaka cha 2018, alimi amapachika ming'oma ya njuchi m'mitengo, ndipo bungwe la COMACO, limene linayamba ntchito m'chigwa cha Luangwa m'chaka cha 2003, limagula uchi kwa ena mwa iwo. Wofula akathamangitsa njuchi ndi utsi amatsika ndi zisa, ndipo m'chisa chilichonse muli zinthu ziwiri zogwirana kwambiri moti diso la mlendo silingazisiyanitse: uchi, umene ndi chakudya, ndi phula, limene ndi nkhokwe chabe yosungiramo uchiwo. Wozolowera amatafuna chisa, n'kumeza uchi, n'kulavula phula; koma amene sanaonepo, manyazi akamutseka pakamwa, amameza zonse pamodzi, kapenanso amatola chisa chimene eni ake afinya kale, n'kuchoka akukhulupirira kuti uchi umene anthu amautama ndi chinthu chosakoma ndi chomata m'mano. Mwambiwu sunena kuti Safunsa anali waulesi, wakuba kapena wopusa. Uchi unalipo, eni ake analipo, ndipo chimene chinamulekanitsa ndi chakudyacho ndi funso limodzi limene sanalitulutse.

Mwambi umenewu ukuyenera kuunikidwanso masiku ano chifukwa dziko la Germany, limene okalamba ake akuchuluka pamene achinyamata olowa ntchito akuchepa, latsegula makomo amene kale anali otsekera anthu a kunja kwa Ulaya. Lamulo lolola antchito aluso ochokera kunja linayamba kugwira ntchito pa 1 Marichi 2020, linafewetsedwanso m'chaka cha 2023, ndipo kuyambira mu Juni 2024 pali chilolezo chotchedwa Chancenkarte, chimene chimalola munthu wokwanitsa zofunika kukakhala kumeneko mpaka chaka chimodzi akufunafuna ntchito. Mu Seputembala chaka chomwecho boma la Germany linasainirana ndi la Kenya pangano la za antchito. Nkhani zotere sizichedwa kufika pa lamya za achinyamata a ku Lundazi, ngakhale kuti bomalo lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata, ndipo zokambirana zambiri zimathera pa ndalama za ndege, chiphaso choyendera ndi mayeso a Chijeremani. Chimene sichikambidwa kawirikawiri n'chakuti munthu woleredwa bwino ku Lundazi amanyamuka ndi ulemu wochuluka, koma ulemuwo uli ndi chilankhulo chake, ndipo pa ntchito ya Ajeremani zizindikiro zake zambiri zimawerengedwa mozondoka, moti kudzichepetsa kumaoneka ngati kubisa mawu, ndipo kufatsa kumaoneka ngati kusasamala.

Mwambo wa ku Lundazi uli ndi sukulu yakeyake yophunzitsira munthu kukhala ndi kugwira ntchito kwa eni. Pakati pa Achewa a kwa Mwase, ukwati wa chikamwini, umene mwamuna amasamukira kumudzi kwa mkazi, unkaika mnyamata pansi pa maso a apongozi kwa zaka ndithu: ankalima munda wawo, kumanga nkhokwe ndi kufolera denga, ndipo akakumana ndi apongozi aakazi panjira ankapatukira kutchire. Pakati pa Atumbuka ndi Angoni a kwa Mphamba ndi kwa Magodi, kumene malowolo amaika ana ku mtundu wa bambo, ndi mkazi amene amapita kwa eni, ndipo mtengwa watsopano amaphunzitsidwa kugwada, kulandira ndi manja awiri ndi kuyankha motsitsa mawu. Miyambi ya sukulu imeneyi ndi yodziwika: "Mkamwini asamakule mwendo", ndiko kuti asadzione ngati mwini mudzi, ndiponso "Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna", ndiko kuti mlendo amalandira chimene wapatsidwa ngakhale mtima ukufuna china. Komabe mwambowo sunasiye mlendo wopanda pakamwa, pakuti unamupatsa ankhoswe, anthu oikidwa ndi mabanja onse awiri kuti dandaulo limene mkamwini sangalinene pamaso pa apongozi lidzere mwa iwo. Choncho munthu akakhala chete pamaso pa akulu, funso lake linali lisanafe, linali litangodzera njira yake.

Chimene chinaumitsa kukhala chete kumeneku n'kukusandutsa mantha ndi ntchito za nthawi ya atsamunda. Msonkho wa nyumba utayamba kutoleredwa ku North-Eastern Rhodesia m'chaka cha 1901, amuna a m'madera akutali ndi njanji ngati Lundazi anayamba kuyenda pansi masabata ambiri kupita ku migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ena paokha, ena kudzera ku bungwe lolemba antchito la Rhodesian Native Labour Bureau, limene linakhazikitsidwa mu 1903 ndipo anthu analitcha chibalo. Pambuyo pake ena analowera ku migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt ndi ya golide ya ku Johannesburg. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, anafotokoza moyo wa m'makomboni a migodi ya ku Southern Rhodesia, dziko limene malamulo ake ankachititsa kuti kuthawa ntchito kapena kukana lamulo la bwana kukhale mlandu wopita nawo kukhoti. Kumeneko kunalibe ankhoswe; kunali kapitawo, chitupa ndi chikoti, ndipo chilankhulo cha pantchito, Chilapalapa, chinali cholamulira ndi chovomerera, chosapangidwira kufunsa chifukwa. Mwamuna amene anabwerako ndi njinga ndi bulangeti analangiza ana ake moona mtima kuti kwa azungu munthu amangoti "inde bwana", ndipo malangizo amenewa adutsa mibadwo ingapo mpaka kuoneka ngati mwambo wa makolo. Koma mbiri yomweyo ikusonyeza kuti kusafunsa si chibadwa: antchito a ku Copperbelt ananyanyala ntchito mu 1935 ndi mu 1940, ena n'kuphedwa ndi zipolopolo ku Luanshya ndi ku Nkana, ndipo mu 1949 anakhazikitsa bungwe lawo la antchito a m'migodi motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu.

Liwu loyamba limene limasocheretsa mlendo ku Germany ndi lalifupi kuposa onse, ndilo "inde". M'Chichewa, monganso "enya" wa m'Chitumbuka, liwuli likanenedwa kwa wamkulu nthawi zambiri limangosonyeza kuti mawu afika m'khutu ndipo wolankhulayo walemekezedwa. Silitsimikiza kuti womverayo wamvetsa, wagwirizana nazo kapena adzakwanitsa. Mjeremani akamva "ja" amalemba mumtima, mwinanso papepala, kuti ntchito yatengedwa ndipo idzatha pa tsiku lotchulidwa. Mmene zimachitikira zingaoneke mwa mnyamata wophunzira zamagetsi pansi pa dongosolo la Ausbildung, limene wophunzira amagawa nthawi yake pakati pa kampani ndi sukulu ya ntchito kwa zaka zitatu ndi theka akulandira kandalama pamwezi. Meister, ndiye mmisiri wamkulu wokhala ndi chilolezo chophunzitsa ena, amamuuza mwachangu mmene angalumikizire mawaya m'bokosi la magetsi, ndipo mwa mawu khumi mnyamatayo wagwirapo asanu ndi limodzi. Pofunsidwa ngati zonse zamveka amayang'ana pansi, amavomera, n'kutha maola awiri akulota mawu anayi otsalawo. Madzulo mmisiri amapeza kuti zonse ziyenera kumasulidwa, ndipo mawaya olakwikawo samupweteka kwenikweni, pakuti wophunzira amayembekezeka kulakwa. Chimene chimamupweteka n'chakuti anauzidwa "ja" pamene yankho loona linali lakuti sizinamveke. Kwa mnyamatayo kubwereza funso kukanakhala kutopetsa wamkulu, kwa mmisiriyo kusafunsa kunali kumunamiza, ndipo onse awiri amaweruka akudandaula za khalidwe la mnzake, phula litamezedwa uchi uli pomwepo.

Chidzudzulo nacho chimabwera chosavala nsalu. Ku Lundazi munthu wamkulu wofuna kuwongola mnzake amayamba ndi moni, amadzera ku mvula ndi ku mbewu, mwina n'kuponyapo mwambi, ndipo wolakwayo amazindikira yekha popanda kutchulidwa pagulu. M'maofesi ndi m'mafakitale ambiri a ku Germany munthu amauzidwa pomwepo kuti chakuti n'cholakwika ndipo chikonzedwe motere, ndipo patapita mphindi zochepa wodzudzulayo akhoza kumuthirira khofi osakumbukiranso kuti panali nkhani. Mlendo amene sanachenjezedwe amagona nazo usiku wonse, akuganiza kuti akudedwa. Apa Chichewa chili nawo kale mankhwala ake m'mwambi wakuti "Wakutsina khutu ndi mnansi", pakuti wodzudzula poyera amakhala atapereka mpata wokonza, pamene amene wataya chiyembekezo amangokhala chete kudikira tsiku lothetsa ntchito. Chovutirapo kuphunzira n'chakuti wantchito naye amayembekezeka kutsina khutu la abwana, kunena pamsonkhano kuti nthawi imene yaperekedwa siikwana kapena kuti njira yasankhidwayo ili ndi ngozi, ndipo ponena zimenezi amayang'ana wamkuluyo m'maso, chinthu chimene mwana wa ku Lundazi analetsedwa kuyambira ali wamng'ono. Pali malo amodzi okha pamene wolankhula Chichewa amafika ali patsogolo pa wodziwa Chingerezi chokha: Chijeremani chimasiyanitsa Sie ndi du monga mmene Chichewa chimasiyanitsira "inu" ndi "iwe", wamkulu pa msinkhu kapena pa udindo ndiye amayamba kulola du, ndipo kutchula munthu kuti Herr kapena Frau ndi dzina la banja lake sikusiyana kwenikweni ndi kumuitana kuti a Phiri, Nabanda kapena Nyazimba m'malo mwa dzina lake la ubwana. Moni yekha ndiye amafupika momvetsa chisoni, pakuti m'malo mofunsana za usiku, za ana ndi za kunyumba, anthu amadutsana m'khonde ndi liwu limodzi, Morgen m'mawa kapena Mahlzeit masana.

Za kusunga nthawi zanenedwa zambiri, ndipo zambiri mwa izo n'zonyoza popanda chifukwa, ngati kuti mlimi wa ku Lundazi sadziwa kulemera kwa nthawi. Amene amadzala chimanga, thonje ndi nshawa za chalimbana amadziwa kuti kuchedwa pang'ono mvula yodzalira itagwa kumadzaoneka m'nkhokwe, ndipo si Ajeremani amene anapeka mwambi wakuti "Zengerezu analinda kwawukwawu". Kusiyana kuli pa chimene nthawi yamangiriridwako. Kumudzi nthawi imatsata ntchito ndi anthu, moti wopita ku msonkhano akakumana ndi wodwala panjira amaima, ndipo omudikira amamvetsa. Ku Germany nthawi imatsata pangano la ola lenileni, lotchedwa Termin, ndipo kuseri kwa pangano lililonse kuli munthu wina amene nthawi yake yagwidwa. Namwino wa m'mawa akachedwa ndi mphindi khumi pa kusinthana kwa 6 koloko, mu Disembala pamene kumpoto kwa dzikolo dzuwa silituluka mpaka 8 koloko itadutsa, amene amalipira ndi mnzake wogwira usiku, amene sangachoke asanapereke odwala m'manja mwa wina, ndipo mwina ali ndi mwana woti akamuperekeze kusukulu. Mlendo akaiona nkhaniyi motero amazindikira kuti kusunga nthawi kumeneko ndi umunthu womwewo wa kwawo, wongovala malaya ena. Mwambi wakuti "Nkhanga zinapangana kusanache" ndiwo umalongosola zotsalazo: tchuthi chimapemphedwa miyezi isanafike, kuchedwa kumanenedwa pa lamya kusanachitike, ndipo wodwala amadziwitsa abwana m'mawa womwewo, n'kudzapeza umboni wa dokotala matenda akapitirira masiku atatu.

Anamwino amakumananso ndi chododometsa china chokhudza ulemu wa ntchito yawo. M'zipatala za ku Zambia wodwala amagonekedwa ali ndi wachibale womudikirira, amene amamusambitsa, kumudyetsa ndi kumuchapira, pamene namwino amabaya jakisoni, kutsuka mabala, ndipo kuzipatala zazing'ono za kumidzi amachitanso zambiri zimene kwina zimasiyiridwa dokotala. Ku Germany kusambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza wodwala ndi mbali ya ntchito ya namwino wophunzira bwino, ndipo wochokera kunja, podikira Anerkennung, ndiko kuvomerezedwa kwa maphunziro ake, kumene kawirikawiri kumafunanso Chijeremani cha mlingo wa B2, amagwira ngati wothandizira pa malipiro ocheperapo. Ambiri amamva ngati atsitsidwa udindo, ndipo kumva koteroko sikuyenera kupeputsidwa. Komabe ndi pabedi lomwelo pamene mwambi wakuti "Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa" umakwaniritsidwa, pakuti munthu amene anakula akutungira agogo madzi ndi kuwasonkhera moto amadziwa kugwira thupi la nkhalamba popanda kuichotsera ulemu, ndipo luso limeneli silipezeka m'buku lililonse la mayeso.

Palibe pamene miyambo iwiriyi imagundana mopweteka ngati pa maliro. Ku Lundazi maliro amaimitsa mudzi: makasu amasiyidwa, amuna amachezera pamoto panja, amayi amagona m'nyumba ya siwa, adzukulu amakumba manda, ndipo amene sanafike popanda chifukwa chomveka amakumbukiridwa kwa zaka. Ku Germany pangano la antchito a boma ndi a makhonsolo, lotchedwa TVöD, limapereka masiku awiri a ntchito munthu akafedwa mkazi kapena mwamuna wake, mwana kapena kholo, ndipo m'makampani ambiri mlingo wake suli kutali ndi umenewu. Malume sali pa mndandandawo. Komatu kwa Mchewa malume, mlongo wa mayi, ndiye mwini mbumba, amene mwina analipira sukulu, anaimira ukwati ndipo anagulitsa ng'ombe kuti ulendo wa ku Germany utheke, ndipo liwu la Chijeremani lakuti Onkel silinyamula katundu ameneyu ngakhale pang'ono. Wantchito amene sanafotokozepo zimenezi amapezeka pakati pa njira zitatu zowawa: kunama kuti amene amwalira ndi bambo ake, kusowa osatsanzika n'kuika ntchito pangozi, kapena kulira yekha m'chipinda akutsatira mwambo wa kumanda pa lamya. Njira yachinayi imatseguka kwa amene anafunsa kusanache, pakuti lamulo limapatsa wogwira masiku asanu pa sabata tchuthi cholipidwa cha masiku osachepera 20 pa chaka, ndipo munthu akhoza kusungako ena, kupemphanso masiku osalipidwa, ndi kulongosolera abwana pasadakhale kuti m'mtundu wa kwawo malume ndani. Funso lotere limaphunzitsa onse awiri, chifukwa bwana amene sanamvepo za mbumba nayenso akudya phula pa nkhani ya antchito ake, ndipo sangalilavule popanda womuuza.

Mayankho ambiri amene mlendo amawasowa analembedwa kale papepala, ndipo Ajeremani amakhulupirira pepala monga mmene mudzi umakhulupirira mboni za akulu. Chikalata cha ntchito chimatchula Probezeit, nthawi yoyesedwa imene ingafike miyezi isanu ndi umodzi, ndipo m'kati mwake mbali iliyonse ingathetse pangano ndi chidziwitso cha masabata awiri okha. Chimatchulanso malipiro a Brutto, ndiwo asanachotsedwe kanthu, pamene ofika m'manja ndi a Netto. Pakati pa awiriwa pamachoka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu lopita ku inshulansi ya matenda, ya ukalamba, ya ulova ndi ya chisamaliro, kuwonjezerapo msonkho wa boma, moti achibale amene anamva chiwerengero choyamba n'kuchisandutsa makwacha amayamba kuganiza kuti mwana wawo wasanduka womana. Mkatolika wokhulupirika wa ku Lumezi akamalembetsa malo ake okhala, zimene lamulo limafuna kuti zichitike m'masabata awiri, amatchula mpingo wake mosangalala, ndipo ndi bwino atadziwiratu kuti kutero kumabweretsa msonkho wa tchalitchi wa magawo 8 kapena 9 pa 100 alionse a msonkho wake wa boma. Pepala lomwelo lilinso ndi uchi wambiri umene wosafunsa saulawa: tsiku la ntchito ndi la maola asanu ndi atatu ndipo siliyenera kupitirira khumi, pakati pa kuweruka ndi kuyambanso payenera kudutsa maola 11, wodwala amalandira malipiro ake onse kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo kuyambira 2015 pali malipiro ochepetsetsa oikidwa ndi lamulo. Ankhoswe nawo alipo. Pa malo a ntchito pamene pali antchito okhazikika osachepera asanu, iwo ali ndi ufulu wosankha Betriebsrat, komiti yowaimira pamaso pa abwana, ndipo kupita kumeneko ndi dandaulo ndi njira yoikidwa ndi lamulo, yosayenera kuonedwa ngati miseche kapena kuukira.

Ola loweruka likakwana imafika Feierabend, nthawi yopuma ya madzulo imene Ajeremani amaiteteza kwambiri, ndipo anzake a pantchito amene anaseka naye masana amalowa aliyense m'nyumba mwake n'kutseka chitseko. Lamlungu masitolo ambiri amakhala otseka, ndipo kwa munthu amene anakulira pakhomo posasowa mlendo, chete ameneyu amalemera kuposa ntchito yeniyeniyo. Kumeneko ubwenzi umamangidwa pang'onopang'ono m'makwaya, m'magulu a mpira ndi m'mipingo, ndipo nawonso umayamba ndi kugogoda.

Koma mwambi uliwonse uli ndi malire ake, ndipo kungakhale kupanda chilungamo kusenzetsa Safunsa mlandu wonse, chifukwa funso limathandiza pokhapokha pali wina womangidwa kuliyankha moona. Chigawo cha kum'mawa kwa Zambia chili ndi chifukwa chake chokayikira mapepala: wamalonda wa Chijeremani Carl Wiese, amene anali mlendo wolandiridwa bwino kwa Mpezeni, mfumu ya Angoni, kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, anachokako ndi chilolezo chimene ankati mfumuyo inamupatsa, chilolezocho chinafika m'manja mwa North Charterland Exploration Company mu 1895, ndipo mu 1898 Angoni anagonjetsedwa, Nsingo mwana wa Mpezeni n'kuphedwa. Chitsanzo chapafupi ndi nkhani ya ntchito chili tsidya la malire, ku Mozambique. Pa 24 Febuluwale 1979 boma la dzikolo linasainirana pangano ndi East Germany, dziko limene akatswiri ake ankagwiranso ntchito ku mgodi wa malasha wa Moatize m'chigawo cha Tete, ndipo m'zaka khumi zotsatira achinyamata pafupifupi 17,000 anapita kukagwira ntchito m'mafakitale a kumeneko. Anaphunzira Chijeremani, anasunga nthawi, anapirira chisanu, koma mbali ya malipiro awo inkadulidwa ndi lonjezo lakuti adzaipeza kwawo, pamene ndalamazo zinkawerengeredwa ku ngongole ya boma lawo. Mayiko awiri a Germany atagwirizana mu 1990 ambiri anabwezedwa, ndipo anthu amenewa, otchedwa Madgermanes, akhala akuguba Lachitatu lililonse mumzinda wa Maputo kwa zaka zoposa makumi atatu akufunsa za ndalama zawo. Awa sanadye phula chifukwa cha manyazi. Anafinyiridwa chisa ndi maboma awiri amene anapangana pamwamba pa mitu yawo.

Palinso zowawa zimene palibe kuzolowera kulikonse kungaziteteze. Jorge Gomondai, wantchito wa ku Mozambique, anamwalira ku Dresden mu Epulo 1991 ataukiridwa ndi gulu la achinyamata atsankho m'sitima ya mumzinda, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho nyumba zokhala antchito a ku Mozambique ndi a ku Vietnam zinagendedwa kwa masiku angapo ku Hoyerswerda. Kuyambira 2006 Germany ili ndi lamulo loletsa tsankho pa ntchito, ndipo mlendo ayenera kulidziwa kuti athe kusiyanitsa khutu lotsinidwa ndi mnansi ndi khofi lomenyedwa ndi wachipongwe, pakuti amene waphunzitsidwa kuti Ajeremani amalankhula mosabisa akhoza kumeza chipongwe chenicheni akuchiyesa mwambo wa eni. Dziko limene laitana alendo chifukwa cha kusowa manja lili ndi ngongole kwa iwo: kulankhula modekha kwa amene akuphunzira chilankhulo, kufulumizitsa kuvomereza maphunziro, ndi kukumbukira kuti wobwerayo wasiya mudzi wonse kumbuyo.

Mudzi wosiyidwawo nawo uli ndi mafunso ake oyenera kufunsidwa ulendo usanayambe. Mu 2023 bungwe la World Health Organization linaika Zambia pa mndandanda wa mayiko 55 osowa kwambiri antchito a zaumoyo, pamene Malawi ndi Mozambique analipo kale, ndipo lamulo la Germany, potsatira mndandanda umenewu, limaletsa makampani ndi anthu wamba kukopa kapena kupezera ntchito anamwino ndi osamalira odwala ochokera ku mayiko amenewa, ngakhale kuti namwino payekha ali ndi ufulu wofunsira ntchito. Namwino aliyense wochoka ku Lundazi amasiya mzere wa odwala pakhonde la chipatala, ndipo aliyense wobwera ndi lonjezo lomupezera malo ku Germany polipira ndalama ayenera kufunsidwa mphamvu zimene akuchitira zimenezo. Makolo ndi amalume amene amakhala pamphasa kulangiza wapaulendo, asanagulitse ng'ombe kapena matumba a nshawa, aitanitse chikalata cha ntchito, chiwerengedwe pamaso pa banja ndi kumasuliridwa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka: dzina la wolemba ntchito ndi mzinda wake, malipiro a Brutto ndi a Netto, miyezi yoyesedwa, amene adzalipire maphunziro a chilankhulo, ndi chimene chidzachitike mwanayo akafuna kusintha ntchito kapena kubwera kumaliro. Zokayikitsa zikatsimikizidwe ku ofesi ya kazembe wa Germany ku Lusaka. Ngati wobweretsa nkhaniyo akukana kuonetsa chikalatacho kapena akufulumizitsa banja kulipira, ng'ombe isatuluke m'khola.